Ng'ombe Inyamuka M'mamawa

Ndinafika kutada. Msewu unangothera panyanja ngati wina waudula ndi mpeni. Kumanzere, nyumba zowerengeka zamalata. Kumanja, pachitunda, matanki oyera mkati mwa mpanda wawaya. Kutsogolo, jeti yaitali, mlatho wolowa m'nyanja pokocheza sitima. Kumapeto kwake sitima, nyali yofiira ili pamwamba.

Tauni iyi ndinali ndisanaipondepo. Ine ndine mwana wa mu Perth. Ntchito ndi imene imandiponya m'malo otere, ndipo sindidandaula. Ndikakhala malo amodzi sabata yathunthu mapazi amandiyabwa.

Sajeni Haddrill anali panja pa polisi, akudzikupiza ndi chipewa.

"Ndinu a Vidovich? Ndimayesa atumiza bambo wamimba ngati ine."

"Amimba onse ali patchuthi. Mtembo uli kuti?"

"Ha! A kutauni. Ngakhale moni." Analoza sitima ija ndi chibwano. "Yambani mwaona iyo. Ndi Ng'ombe imeneyo. Dzina lenileni ili nalo, koma palibe amalitchula. Sitima zankhondo zikamva ludzu pakati pa nyanja zimabwera m'mbali mwake kudzayamwa. Yakhuta mafuta athu. Kukacha inyamuka. Mboni zanu zonse zili m'menemo, ndipo sizibwerako mpaka miyezi inayi."

"Sitingaiimitse?"

"Inu ndi ine?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Kumpoto uko kuli gulu lonse la sitima likudikira mkaka."

Mlandu anaufotokoza tikuyenda. Womwalira anali Tipene Karaka, wa m'sitimamo, ntchito yake kupima mafuta m'matanki. Asodzi anam'peza m'mawa pansi pa jeti. Dzulo lake madzulo anamenyana ku bala ndi mnzake, khukhi wa m'sitima yomweyo, Maikolo Fakatava. Khukhiyo anapezeka ali mtulo pamchenga, chibakera chili chotupa.

"Ali m'chitokosi mwanga."

"Akuti chiyani?"

"Akuimba za kutchalitchi. Bwana wanu waimba kawiri. Akuti mawa mum'tengere kukhoti. Mlandu wakupha."

Ndinasuzumira m'chitokosimo. Chimunthu chachikulu, nkhope kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ndinam'tchula dzina. Sanacheuke. Nyimbo inapitirira, yapansipansi, m'chilankhulo cha kwawo ku Tonga.

Ndinali ndi usiku umodzi. Akadapanda kupezeka wina, munthu uyu ndiye anali wanga.

* * *

Mtembo unali m'chipinda chozizira kuseri kwa kachipatala. Munthu wamtali, wa zaka makumi atatu kapena kupitirirako pang'ono. Mlomo wong'ambika. Bala lalikulu kunkhongo.

"Miyala ya pansi pa jeti," anatero Haddrill. "Kapena chibakera cha khukhi, miyala n'kumalizitsa."

"M'matumba?"

"Chikwama. Khadi la m'sitima."

"Foni?"

"Nsomba zikuimbirana."

Zala ziwiri zinali zachikasu. Munthu wosuta. Choyatsira fodya panalibe. Ndinatembenuza dzanja lamanja. Pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu panali zofiira. Osati magazi. Magazi akagona m'madzi amchere amachoka. Izi zinali zowala, zomata, ngati utoto wa pamilomo.

"Chibwenzi?" ndinafunsa.

"Kuno akazi opaka milomo alipo awiri. M'modzi ndi mkazi wanga."

"Winayo?"

"Apongozi anga."

* * *

Bala inali yopanda anthu. Amalinyero onse anali ataitanidwa kusitima. Mwini wake, Noelene, ankatsuka matambula, ndudu ili pakhutu.

"Zonsezi ndawauza kale a Sajeni. Koma khalani, mwana wanga, mwauma kukhosi. Anyamata awiri aja? Ponda apa nane m'pondepo. Ng'ombe ikaima pano, ukaona m'modzi dziwa winayo ali kuchimbudzi."

"Dzulo?"

"Dzulo Tipene sanamwe. Kabotolo kamodzi ka ndimu, kumangokazunguliza patebulo. Foni ayang'ane, aike. Ayang'ane, aike. Wamkuluyo ndiye ankathira ngati akuzimitsa moto. Kenako Tipene dzambatu. Wamkulu wam'gwira malaya. 'Sukupita.' 'Ndisiye.' 'Ndikuthyola miyendo, sukupita!' Ndiye phaa! Tipene pansi, mpando wanga pamwamba pake. Wadzuka, wapukuta pakamwa, watuluka. Wamkulu wam'tsatira akulira."

"Akulira?"

"Misozi mbwembwembwe. Chimunthu chonsecho."

"Anapita mbali iti?"

"Ine ndimayang'ana matambula, mwana wanga, osati misewu."

"Amati sapita kuti?"

Noelene anaima. Anachotsa ndudu pakhutu, n'kuibwezeranso.

"Mukudziwa, palibe wandifunsa zimenezo. Ndipo sindikudziwa. Kafunseni Chifu Gannon, mkulu wa zamafuta m'sitimamo. Ali kumatanki, akutseka mapaipi. Mukam'peza mumuuze kuti mpando wanga wathyoka."

* * *

Pa geti la matanki panali mkulu wina wamfupi, tsitsi lili mbuu. A Dollah bin Sarip. Anakweza dzanja mwaulemu.

"Pepani, mayi. Muno salowa ndi moto. Foni, machesi, choyatsira, zonse m'bokosimu."

"Ndine wapolisi."

"Mafuta sadziwa wapolisi."

Bokosilo linali lamatabwa, lokhomeredwa pamtengo mkati mwa geti. Lopanda loko. Munali kale zinthu. Magalasi a dzuwa. Machesi. Mafoni angapo, ina yosweka kumbuyo, pomata kachithunzi ka kaphazi. Choyatsira chomangidwa kachingwe kobiriwira. Ndinaponyamo zanga pamwamba.

"Zonsezi za ndani?"

"Zoiwalika. Amalinyero mitu yawo imakhala kumowa. Usiku womaliza ndimakutula m'thumba, ndigona nazo, m'mawa ndiwapititsira sitima isanamasule zingwe. Lili ngati lamulo langa."

"Usiku pamakhala ndani pano?"

"Mphaka. Ine ndikakiya ndapita kukapemphera. Makiyi ndi awiri, anga ndi a abwana a pano. Abwana ali kuchipatala ku Perth, ndiye awo anabwereketsa Chifu. Chifuwo ndi awo ali apowo."

Chifu Gannon anali wowonda, ovololo yopanda dontho. M'manja sipanala yachikasu. Ankaigogoda pang'onopang'ono pachikhatho.

"Yamkuwa," anatero ataona ndikuyang'ana. "Siithetheka. Ndikupatsani mphindi zochepa, mayi, tikunyamuka."

"Karaka."

"Munthu wanga wodalirika. Ndalembera kale mkazi wake. Fakatava ndi wabwinonso, koma mowa. Zachisoni."

"Dzulo anagwira ntchito?"

"Anaweruka masana. Tepi yopimira sanaigwire tsiku lonse."

"Pansi pa chikhadabo chake pali zofiira."

"Phala lopimira madzi. Timapaka kunsonga kwa tepi n'kutsitsa m'thanki. Likakhudza madzi limafiira."

"Ndiye kuti anapeza madzi."

Anamwetulira ngati mphunzitsi. "Munthu wagona m'nyanja usiku wonse, mayi. Kaphala kalikonse kotsalira m'chikhadabo kafiira basi."

"Mwati tepi sanaigwire."

"Amalinyero satsuka m'zikhadabo."

"Inu munali kuti?"

"M'sitima. Funsani aliyense."

"Ndilowe ndifunse."

"Pemphani kwa kaputeni."

Mayankho onse osalala. Palibe pogwira. Ndinali nditatembenuka kale pamene ndinakumbukira lomaliza. Funso lachabechabe, longotsekera.

"Foni yake sitinaipeze. Ili kusitima?"

Sipanala inasiya kugogoda.

"Foni?"

"Ndi choyatsira."

"Zili m'nyanja, ndithu."

Tinatsika limodzi mpaka pageti. A Dollah anali atayima kale ndi thumba ndi loko. Nditangopisa dzanja m'bokosi foni yanga inalira. Bwana. Ndinaitola n'kutuluka nayo ili pakhutu. Pocheuka ndinaona Chifu ataima, maso ali pabokosi. Anatsegula pakamwa. Anandiyang'ana ine. Anatseka. Anakwera galimoto yawo n'kupita.

Ndinaona. Sindinamve tanthauzo lake.

* * *

"Uli ndi woganiziridwa wina?" anafunsa bwana.

"Ayi. Koma sizikugwirizana."

"Renata, kwa iwe palibe chimagwirizana. Anam'menya anthu akuona. Anati am'thyola miyendo. Anam'tsatira. Bwera naye amene uli naye."

Ndinayenda jeti yonse wapansi. Fungo la dizilo. Pamlatho wokwerera m'sitima panali msilikali wamkazi, waulemu kwambiri. Anaimba foni mkati. Yankho linabwera msanga. Kaputeni akupepesa. Sitima ili pa kalikiliki wa ulendo. Apolisi awo adzafunsa aliyense, ndipo adzatidziwitsa.

"Liti?"

"Tikabwerako, mayi."

Ndinayang'ana m'mwamba. Khoma lachitsulo, lotuwa, lalitali kuposa nyumba iliyonse m'tauniyo. Mapaipi akuda ali lendelende ngati mawere. Ndinabwerera. Ndinagona pa benchi ya polisi nsapato zili kuphazi.

* * *

Haddrill anandigwedeza kunja kukuyamba kutuwa.

"Wasiya kuimba. Akukufunani."

Maikolo anali atakhala pansi, manja pamaondo. Maso otupa. Mawu ake anali aang'ono, osayenera thupi limenelo.

"Amayi, mundikhululukire dzulo. Ndimam'perekeza m'bale wanga. Kwathu sitisiya maliro ali chete."

"Munamumenya."

"Ndinam'menya."

"Chifukwa?"

"Kuti asapite. Tipene anapeza madzi pansi pa thanki ya m'sitima. Osati pang'ono. Ndiye kuti wina akugulitsa mafuta kumbali n'kumadzaza ndi madzi. Anauza Chifu. Chifu anati tepi yako yapenga. Tipene anati ndiye ndikapima matanki akumtunda, ndione kumene akuchokera. Chifu anati chabwino, bwera madzulo, ndikutsegulira, tikapime limodzi."

Haddrill anapumira m'mwamba pakhomo. "Anandiuza zomwezi dzulo m'mawa. Woledzera aliyense ali ndi nthano yake."

"Ndinamuuza," Maikolo anapitiriza ngati sanamve. "Ndinati aise, munthu amene ukum'kayikira ndi amene akukutsegulira geti? Uli ndi khanda iwe. Sanamve. Ndiye ndinati ndim'goneke pansi, adzuke mawa akunditukwana. Ndinamenya pang'ono, amayi. Ndinamumvera chisoni." Anayang'ana chibakera chake. "Ndikanamenya kwambiri, bwenzi ali moyo."

"Munam'tsatira mpaka kuti?"

"Miyendo inakana. Ndinadzuka a Sajeni akundiponda."

"Alipo wina anamva Chifu akumuitana?"

"Palibe."

"Madziwo? Tingawapime."

"Ali m'sitima. Akangotuluka padoko awakhetsa. Pansi pa thanki amakhetsa masiku onse, palibe angadabwe."

Mawu a woganiziridwa. Phala m'chikhadabo cha munthu wogona m'nyanja. Basi. Loya wa boma sangataye nazo ngakhale mphindi. Panafunika chinthu chimodzi choika Tipene mkati mwa mpanda uja. Mpanda wa makiyi awiri.

"Amayi, foni yake mwaipeza? Mkazi wake adzaifuna. Muli mawu a mwana, akuseka."

"Sitinaipeze."

"Siivuta kuizindikira. Ndi yosweka kumbuyo. Anamatapo kaphazi ka mwanayo. Choyatsiranso anamanga kachingwe kobiriwira, chifukwa ndinkam'bera."

Ndinali nditatulutsa ndudu. Dzanja linali m'thumba, likufuna choyatsira changa. Munalibe. Thumba lina. Munalibe.

Bokosi.

"Maikolo. Geti lopanda mlonda, usiku, palibe womuona. Tipene angalowe kumatanki ndi foni?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Tipene? Ngakhale mutam'loza ndi mfuti. Munthu wamafuta dzanja limapita lokha m'bokosi."

Kunja lipenga la sitima linalira.

* * *

Haddrill anayendetsa ngati wamisala. Geti lokiya. Ndinapisa dzanja pakati pa mawaya n'kukankha chivundikiro. Bokosi mbee.

"Kujeti!"

Tinakumana ndi a Dollah pakati pa jeti, akukankha njinga. Thumba lili pahandulo, lopinda bwinobwino.

"A Dollah! Zoiwalika zija!"

"Ndapereka kale, mayi. Sindinachedwepo n'kamodzi komwe." Anali wonyadira. "Masiku onse amatuma wachinyamata kudzalandira. Lero Chifu anandidikirira okha, kumapeto kwa jeti. Mpaka kundigwira chanza."

"Munali foni yosweka. Ya kaphazi kumbuyo."

"Mwina."

"Munaiona?"

"Ine ndimaona mafoni tsiku ndi tsiku, mayi. Ndimangokutula."

"Dzana pokiya, inalimo?"

Anaganiza. Anafunadi kundithandiza. Zinkaoneka pankhope.

"Ndikati inalimo, ndanama. Ndikati munalibe, ndanamanso. Kukhoti sindingalumbire. Ndalakwitsa china chake?"

"Ayi, bambo. Simunalakwitse."

Ndinathamanga kotsalako. Zingwe zinali zitakwera kale. Pakati pa jeti ndi sitima panali madzi, akuda, akukula. Ndinakuwa. Ndinakweza chitupa changa m'mwamba. Wamalinyero wina anandibayibitsa mosangalala.

Kumbuyo kwa sitima kunaima munthu wowonda. Dzanja lake linatuluka kunja kwa chitsulo. Kunali kutali. Sindinganene kuti anataya kanthu. Mbalame ziwiri zinatsikira pamadzi, n'kukweranso zopanda kanthu kukamwa.

Tsiku lathunthu foni ija inakhala m'bokosi. Chifu anaidutsa kangapo osaiona. Bokosi limene umaliona tsiku lililonse silionekanso. Anali ataiwala. Anam'kumbutsa ndine.

Haddrill anandipeza akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Munaiona ndi maso anu. Mulembe zimenezo."

"Ndilemba. Wapolisi amene anaona foni, osaitola, n'kuikumbukira woganiziridwa ataifotokoza."

Anavula chipewa. Anachivalanso.

Ndinaimbira bwana tili pomwepo. Anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Uli nayo m'manja?"

"Ayi."

"Khoti likhala masana. Nyamuka."

* * *

Tinam'kweza Maikolo kumbuyo kwa galimoto. Unyolo unali waung'ono pamikono yake. Haddrill anaumasula pang'ono, osayang'ana aliyense. Noelene anabwera ndi buledi wa mazira m'pepala. Anam'patsira pawindo.

"Za mpando iwala," anatero, n'kuchoka msanga.

Msewu umakwera chitunda, n'kudutsa pamatanki. A Dollah ankasesa pageti. Pamwamba nyanja yonse inaoneka. Ng'ombe inali itakhota kale kuloza kumpoto. Yatsala ngati kachitsulo kotayidwa pamadzi.

"Mwaipeza, amayi?"

"Ndinaiona."

"Kuiona kukwanira?"

Ndinasintha giya.

Anatembenuka n'kumayang'ana pagalasi lakumbuyo mpaka chitunda chinatseka nyanja.

"Uvuni wakumanzere m'sitimamo umapsereza," anatero. "Sindinawauze."

Kutsogolo, dothi lofiira ndi msewu wowongoka. Kangaru wakufa m'mbali. Dzuwa linatuluka kumanzere, lotentha kale.

"Muli ndi ndudu?"

Ndinam'patsira pakati pa mawaya. Anaiika pakamwa ndi manja onse awiri.

"Moto?"

"Uli m'sitima."

Anakhala nayo choncho pakamwa, yosayatsa. Ine ndinaponda mafuta.